LIWU LIMODZI LOYENDA NALO CHAKA CHONSE

Usiku wolowa chaka chatsopano anthu ambiri a ku Limbuli ndi midzi yozungulira sagona. Ena amachezera m'matchalitchi, ena pa gule ndi pa mowa, ndipo pofika m'mawa wa pa 1 Januwale pakamwa pa aliyense pamakhala podzaza ndi malonjezo. Uyu akuti chaka chino ndisiya kachasu. Uyo akuti ndifolera nyumba ndi malata, ndigula njinga ndi mbuzi ziwiri, ana onse apita kusukulu atavala nsapato, ndipo ngongole ya kubanki m'khonde ndibweza tsiku lisanakwane. Malonjezo otere si oipa ayi. Koma takumanani naye munthu yemweyo pa msika mwezi wa Malichi, mumufunse kuti atchule zimene analonjeza zija. Akatchulako ziwiri, ameneyo ali ndi mutu wabwino.

Chifukwa chake sichisowa. Kwathu kuno Januwale si mwezi woyambira zatsopano. Ndi mwezi wa khasu, wopalira ndi kubandira. M'nyumba zambiri ufa wayamba kuoneka pansi pa dengu, malungo ali pakhomo, ana akufuna makope, ndipo tiyi akuphuka msanga kotero kuti wothyola sapuma. Munthu wosenza malonjezo khumi m'mwezi wotere afanana ndi pusi wa m'mwambi uja: ichi chakoma, ichi chakoma, mapeto ake anagwa chagada. Lonjezo limodzi likangothyoka mtima umagwa, ndipo otsalawo amamwazika ngati nkhuni zimene luzi lake laduka.

Tsono pali njira ina imene tifuna kuti owerenga athu aiganizire. M'malo mwa malonjezo ambirimbiri, banja lisankhe liwu limodzi lokha, lalifupi, loti ngakhale mwana wa Sitandade 1 angathe kulitchula, ndipo liwu limenelo likhale ndodo yoyendera chaka chonse.

SI NZERU YACHILENDO

Wina anganene kuti izi ndi za m'tauni. Ayi ndithu. Makolo athu anadziwa kalekale kuti nkhani yaitali ingathe kumangidwa m'liwu limodzi. Mwana wobadwa banja litavutika amatchedwa Pilirani kapena Limbani, ndipo nthawi zonse mayi akamuitana kuti abwere kudzadya, banja lonse limakumbutsidwa. Galu naye ankapatsidwa dzina lokhala ndi uthenga, kuti mnansi wamiseche azimva yekha mwini wake akamaitana. Lero onani zolembedwa pa njinga za kabaza zimene zimayenda pakati pa Limbuli ndi Muloza, pa maminibasi, pa zitseko za magolosale. Onani maina a makalabu a alimi ndi magulu a amayi osunga ndalama. Ambiri mwa iwo ndi liwu limodzi lonena chimene eni ake afuna kukhala.

Ngakhale zaka zimene, akuluakulu ankazitcha maina. Mukafunsa gogo kuti munabadwa liti, satchula nambala. Amati ndinabadwa chaka cha njala, kunena 1949. Wa ku Phalombe amati mwana uyu ndi wa chaka cha Napolo, kunena 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi mwezi wa Malichi. Ana a lero adzakula akunena za chaka cha Freddy. Ku Japan nako, kuyambira 1995, anthu amasankha chilembo chimodzi mwezi wa Disembala chofotokoza chaka chimene chikutha, ndipo chimalembedwa poyera pa kachisi wa Kiyomizu mu mzinda wa Kyoto. Chilembo choyamba chinali chonena za chivomezi, pakuti chaka chimenecho chivomezi chinagwetsa mzinda wa Kobe. Taonani, maina onsewa amaperekedwa chaka chitapita, ndipo kawirikawiri amene amatcha dzinalo ndi tsoka. Chimene tikunena ife ndi chakuti mwini khomo ayambe ndiye kutcha chaka chake dzina, tsoka lisanamutchere.

Amene amapemphera adziwa kuti mipingo yambiri imalengeza mutu wa chaka. Mwambo wotere ndi wakale. Akhristu a mpingo wa Moravian ku Herrnhut, m'dziko la Germany, anayamba mu 1728 kupatsana mawu achidule oyenda nawo tsiku lililonse, ndipo kuyambira 1731 mawuwo akhala akusindikizidwa m'buku chaka ndi chaka. Maiko nawo amatero. Pamene Kenya inalandira ufulu mu 1963, Jomo Kenyatta anapatsa anthu ake liwu lakuti Harambee, kutanthauza kukoka pamodzi, ndipo midzi inamanga masukulu ambiri ndi manja awo m'dzina la liwu limenelo. Kuno kwathu liwu lakuti Kwacha linali mfuu ya pa misonkhano m'zaka zomenyera ufulu, ndipo mu 1971 linasanduka dzina la ndalama imene ili m'thumba mwanumo.

LIWU LIMENE LINAWOLA

Koma tisanamizane. Liwu labwino lingathe kuwola, ndipo anthu a boma la Mulanje adziwa zimenezi kuposa ena onse.

Kodi pali liwu lokoma kuposa kuthangata? Pachiyambi linali kunena kuthandizana: mnzako akachepekedwa manja pa ntchito, iwe upita kukamuthangata, mawa iye adzakuthangata iwe. Koma m'zaka za m'ma 1890 Azungu atatenga malo aakulu m'mapiri a Shire, tiyi atayamba kubzalidwa ku Mulanje kuno mu 1891, liwu lija linalowa m'kamwa mwina. Mabanja ambiri a Alhomwe amene ankaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, anapatsidwa pokhala pa minda ya Azungu, ndipo malipiro a malowo anali ntchito. Ntchito imeneyo inkatchedwa thangata. Choipa koposa chinali chakuti mwini malo ankaifuna nthawi ya dzinja, nthawi yomweyo imene munda wa munthu mwini unkafuna khasu. M'malo ena mwezi umodzi wogwira unkatalikitsidwa mpaka kusanduka miyezi ingapo. Thangata inali imodzi mwa madandaulo aakulu amene anautsa nkhondo ya John Chilembwe ku Chiradzulu mu Januwale 1915, ndipo lamulo silinaithetse kufikira 1962. Mpaka lero nkhalamba ikamva liwu limeneli nkhope imasintha.

Chinawoletsa liwulo n'chiyani? Wosankha liwu anali wina, wolipira thukuta anali wina. Chimodzimodzi ndi malamulo a malimidwe a m'zaka za m'ma 1950. Kulima mizere yopingasa ndi kumanga migula pa malo otsetsereka inali nzeru yoona, ndipo alangizi akuphunzitsabe zomwezo lero. Koma popeza inabwera ndi chindapusa ndi ndende, anthu anaida, ndipo ambiri anaitaya atangopeza mpata.

Bambo wa pakhomo amvetse bwino pamenepa. Ngati inu nokha mudzuka pa 1 Januwale ndi kulengeza kuti liwu la nyumba ino ndi "Pirira", pamene wopirira ndi mayi amene akusinja, kutunga madzi ndi kuthyola tiyi, inu muli pa bawo, limenelo si liwu la chaka. Imeneyo ndi thangata ya m'nyumba. Ndiponso kuno ku Mulanje, kumene amuna ambiri ndi akamwini ndipo munda ndi wa kuchikazi, liwu limene mayi sanalivomere silifika ndi pa Isitala pomwe. Khalani pansi nonse madzulo mutadya, bambo, mayi, ana osinkhuka, ndi gogo ngati alipo. Aliyense anene chimene chinapweteka banja chaka chatha. Musathamangire kutchula liwu. Mukamvetsera bwino mudzaona kuti madandaulo ambiri akuchokera pa chitsa chimodzi, ndipo liwu lanu lili pomwepo.

TIYESE NDI LIWU LAKUTI "SUNGA"

Tiyerekeze kuti banja lina la kwa Mfumu Yaikulu Njema lakhala pansi, ndipo lapeza kuti chaka chatha linakolola bwino ndithu, koma pofika Novembala linali kugula ufa wa m'timapepala. Banja lotere lingasankhe liwu lakuti "Sunga".

Palibe malo amene liwu limeneli liyesedwa kolimba ngati pa msika wa Limbuli. Msika umenewu udziwika kutali chifukwa cha chimanga, nyemba ndi nandolo, zina za konkuno, zina zochokera ku Milange kutsidya kwa malire, ndipo amalonda amabwera ndi magalimoto kuchokera ku Blantyre ndi kwina. Nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, chimanga chimachuluka ndipo mtengo umagwa. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chimasowa ndipo mtengo umakwera. Izi zimachitika pafupifupi chaka chilichonse, ndipo aliyense adziwa. Komabe chaka chilichonse tiona alimi akukankha matumba pa njinga kupita kwa mavenda mwezi wa Meyi, ndipo alimi omwewo adzaima pa mzere mwezi wa Januwale kugula chimanga chonga chomwecho pa mtengo wowawa, ndi ndalama ya ganyu imene aipeza atasiya munda wawo uli m'tchire.

Munthu wa malonjezo akanati, "Chaka chino sindigulitsa chimanga ngakhale thumba limodzi." Lonjezo lotere limafa tsiku limene mwana wadwala usiku ndipo pafunika ndalama ya njinga yamoto yopita naye kuchipatala. Thumba lagulitsidwa, lonjezo lathyoka, ndipo bambo amati basi zalephereka, n'kugulitsanso ena atatu. Koma liwu silithyoka chotero. Mwana akadwala, kusunga ndiko kugulitsa thumba limodzilo kuti musunge moyo wa mwana. Tsiku la msika likafika, bambo akaona wailesi yatsopano n'kuyamba kuyang'ana matumba, mayi safunika kukalipa. Angofunsa kuti, "Bambo, kodi liwu lathu lija ndi chiyani?" Ndipo tsiku limene mayi afuna kutapa chimanga kuti asinthe ndi chitenje chachitatu, bambo naye ali ndi ufulu wofunsa funso lomwelo. Lonjezo limakuuzani chinthu chimodzi choti muchite. Liwu limakufunsani funso pa mphambano iliyonse, ngakhale mphambano imene simunaiganizire pa 1 Januwale.

Ndipo liwu likakhazikika limabala ntchito zake lokha. Banja la "Sunga" liyamba kuwerenga: ngati thumba la makilogalamu 50 limatha pa mwezi, ndiye kuti pafunika matumba 12 kuti mukafike pa kukolola kwina, ndipo chogulitsa ndi chokhacho chimene chapitirira pamenepo. Ngati zokolola sizifika, monga zilili m'mabanja ambiri kuno kumene minda ndi yaing'ono, mudziwiratu mwezi umene ufa udzathe, ndipo muyamba kusamala chinangwa, mbatata ndi makaka nthawi ikadalipo. Liyambanso kusamala kaumitsidwe. Chimanga chosauma bwino chimachita chuku, ndipo chuku ndi poizoni kwa anthu ndi ziweto zomwe. Kuti mudziwe ngati chauma, thirani njere pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke ndi kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Chikauma, chitonoleni, chipeteni, muthire mankhwala a fumbi monga mwa malangizo olembedwa pa paketi, kapena muchiike m'matumba osalowa mpweya a PICS amene safuna mankhwala, malinga mwamanga bwino kukamwa ndipo makoswe sanaboole. Matumba asagone pa dothi kapena kutsamira khoma. Anankafumbwe sadziwa kuti munavutika.

Liwu lomwelo lidzakutsatani kumalo kumene simunayembekezere. Amene amathyola tiyi pa esiteti, kapena ali ndi munda wawo wa tiyi, adziwa kuti ndalama imachuluka dzinja masamba akamaphuka, ndipo imachepa chilimwe. Adziwanso kuti tsiku la malipiro njira yochokera kolandira ndalama kupita kunyumba imakhala yaitali modabwitsa, pakuti imadutsa pa mabala a pa Limbuli. Sitikunena zambiri. Eni ake amva.

MAWU ENA

Si banja lililonse limene vuto lake ndi kusunga. Ena nthaka yawo yatopa, ndipo feteleza anakwera mtengo koopsa, makamaka ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu mu Novembala 2023. Amenewa angasankhe "Bwezera". Chimene mwatenga m'munda, bwezerani. Mapesi asatenthedwe koma akwiriridwe kapena aphimbe nthaka. Ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku zisakokoloke ndi mvula kuseri kwa khola. Nandolo, amene alimi a kuno amamudziwa kale, akhale pakati pa chimanga, pakuti mizu yake imawonjezera chonde ndipo masamba ake akayoyoka ndi manyowa. Ubwino wa liwu limeneli ndi wakuti limagwiranso pa ngongole, pa khasu lobwereka, ndi pa mtengo umene mwadula. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pakati pa Disembala mpaka pakati pa Epulo, kotero kuti wosankha "Bwezera" pa 1 Januwale angathe kuyamba mawa lake lomwe.

Koma pali liwu lina limene tifuna kulitchula mwaulemu, chifukwa mabala ake sanapole. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza. Matope, miyala ndi mitengo zinatsika m'phiri la Mulanje, mitsinje inasiya njira zake, ndipo dera la Muloza ndi Limbuli linali limodzi mwa madera amene analira kwambiri. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Chaka cha 2019 kunali Idai, mu Januwale 2022 kunali Ana. Izi sizilinso zinthu zobwera kamodzi pa moyo wa munthu. Banja lokhala m'mphepete mwa Muloza, Ruo kapena kamtsinje kalikonse kotsika m'phiri lingachite bwino kusankha liwu lakuti "Tchera", kunena kutchera khutu. Wailesi ikhale ndi mabatire kapena foni ikhale ndi moto nthawi ya dzinja. A zanyengo akachenjeza, a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi akaimba wezulo, banja lidziwiretu malo okwera kumene lidzathawire, njira yake, ndi amene adzanyamule gogo. Zitupa ndi mabuku a kuchipatala zikhale m'pepala la pulasitiki pamalo amodzi. Ndipo kutchera khutu sikuthera pa madzi. Chaka chotsatira, 2024, vuto linali ng'amba, ndipo amene anamvera ulosi wa nyengo n'kubzalako chinangwa, mbatata ndi mbewu zocha msanga anapezako pogwira.

Mawu onga "Chimwemwe", "Madalitso" kapena "Chuma" ndi okoma kumva, ndipo ndi maina abwino a ana. Koma ife tiona kuti sayenera ntchito imeneyi. Amenewa ndi mawu a zinthu zimene munthu amalandira, ndipo safunsa kanthu kwa mwini wake. Munthu angathe kugona pa mphasa chaka chonse akutchula "Chuma". Liwu la chaka likhale lonena chochita, ndipo likhale lowawako pang'ono. Ngati mwalitchula ndipo palibe m'nyumbamo amene wayang'ana pansi, funani lina.

Wina adzafunsa kuti, nanga ngati mavuto athu ndi atatu, tisankhe mawu atatu? Ayi. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani limene likupweteka koposa, enawo adikire zaka zawo. Ndipo musadabwe mukaona kuti limodzilo lakoka anzake: wosunga chimanga sapita ku ganyu mwezi wa Januwale, wosapita ku ganyu apalira pa nthawi yake, ndipo wopalira pa nthawi yake akolola zoti asungenso.

KULISUNGA KUTI LISAIWALIKE

Liwu longonenedwa pakamwa limauluka. Mwana wa sukulu alilembe ndi makala kapena choko pamwamba pa chitseko, mkati, pamene aliyense aliona potuluka m'mawa. Ena angalilembe pa thumba loyamba la chimanga, pa chikuto cha buku la banki m'khonde, kapena pa mpini wa khasu. Ngati mwana wa mbuzi wabadwa mwezi uno, mutcheni dzina lomwelo monga ankachitira makolo. Simufunika kulengeza kwa mudzi wonse, koma ndi bwino kuti atsibweni a ana kapena mnzanu mmodzi wa pa kalabu alidziwe, kuti pakhale wina wa kunja wokufunsani.

Pakuti chaka cha mlimi sichiyenda monga kalendala ya pakhoma, banja likhalenso pansi kawiri: koyamba zokolola zikalowa m'nyumba, musanagulitse kanthu, ndipo kachiwiri mwezi wa Okutobala pokonza minda, mvula isanagwe. Pa nthawi ziwirizi ndi pamene zambiri za chaka zimagamulidwa. Funsanani kuti liwu lija latithandiza pati, ndipo talinyoza pati. Amene nyuzi ino yawapeza Januwale atapita kale asadikire chaka chamawa. Angathe kuyamba pa kukolola.

A Mafumu, alangizi a zaulimi ndi atsogoleri a makalabu akupemphedwa kuwerengera nkhaniyi anthu amene satha kuwerenga, koma asawasankhire liwu. Owerenga amene asankha lawo alembere Mkonzi, atchule mudzi wawo, liwulo, ndi chifukwa chimene alisankhira. Makalata olembedwa m'Chilhomwe kapena m'Chiyao alandiridwanso, malinga wolembayo afotokoze tanthauzo la liwu lake m'Chichewa.